Anthu amene anakana kundichotsa pagulu

Kwathu kuno ku Angónia, m'dziko la Mozambique, ndalama sibwera pang'onopang'ono. Umakhala miyezi itatu kapena inayi m'thumba mulibe ngakhale ya sopo, ukukwezera mizere, ukupopera, ukulawirira kudimba m'chisanu cha June kukathirira, kenaka tsiku limodzi lole imaima m'mbali mwa munda, anyamata n'kusenza matumba a kachewere, iwe n'kutsala ndi mpukutu wa mametikali umene sunaugwirepo chaka chonse. Munthu wolandira malipiro pamwezi sangamvetse msanga zimene ndalama yotere imachita m'mutu mwa mlimi. Ine inandigwetsa. Ndikufuna kufotokoza mmene ndinadzukira, chifukwa kuyambira ku Dómuè mpaka ku Tsangano, ngakhalenso tsidya la malire ku Dedza ndi ku Ntcheu, alipo ambiri amene lero ali pamene ndinali ine.

Ndinabadwira m'tsinde mwa phiri la Dómuè. M'chaka cha 1986, nkhondo itafika povuta, amayi anandibereka kumbuyo n'kuwolokera ku Dedza pamodzi ndi khamu la anthu a kuno. Ndiko ndinaphunzira kuwerenga ndi kulemba Chichewa. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 October 1992 tinabwerera, koma osati tonse. Ena anakwatira ku Malawi n'kukhazikika komweko. Pambuyo pake ena anatsikira ku Moatize pamene malasha anayamba kukumbidwa mwamphamvu mu 2011, ena ku Beira, ena mpaka ku Johannesburg. Mbumba imene kale inkakwana pansi pa mtengo umodzi inamwazikana m'mayiko atatu. Amene tinatsala tinagwira khasu, ndipo nthaka ya kuno siinatinamize: chimanga, nyemba, soya, fodya, kabichi, makamaka kachewere. Sipachabe anthu amati Angónia ndi nkhokwe ya Tete.

Mowa ndinauyamba monga amayambira anyamata ambiri, pa ngoma ndi pa maukwati. Umene unandipweteka ndi wa tsiku la msika. Ukagulitsa, anzako amene sunawaonepo pa nthawi yopalira amatulukira ku baraka komwera mowa, aliyense akukutchula shefi. Timabotolo ta mowa waukali timayamba, kachasu amamaliza. Ndinkalowa m'baraka dzuwa lili paliwombo ndi ndalama ya feteleza wa chaka chamawa, n'kutulukamo nkhuku zikulira. Ndalama m'manja mwanga inali ngati madzi m'lichero.

Kwa zaka zingapo munda unkabisa manyazi anga, chifukwa zokolola zinkakwirira dzenje limene ndinkakumba. Koma kumapeto kwa 2021 feteleza anayamba kukwera, ndipo nkhondo ya ku Ukraine itabuka mu February 2022 thumba la 12-24-12 ndi la ureya linafika pamene mlimi wosasunga sakanalifikira. Ndinapita kwa munthu wa katapila. Sindimutchula, ndi munthu wa m'dera lathu lomwe lino, ndipo sanandikakamize. Anandipatsa feteleza kuti ndidzabweze kachewere pa mtengo wotchula iye. Nyengo yotsatira ndinachita choipirapo: ndinagulitsa kwa wamalonda kachewere wa munda wonse akadali maluwa, pa ndalama imene sinafike ngakhale theka la zimene iye anadzakumbamo. Ndinaima pamalire a munda wanga womwe ndikuonerera anthu ena akulonga m'matumba thukuta langa. Ndalama ija inali itatha kale ku baraka.

Mwana wanga wamkazi woyamba anali ku sekondale ku Ulónguè, akukhala m'kachipinda ka lendi ndi anzake. Lendi itasiya kupita, anabwerera kumudzi atasenza katundu wake, ndipo sanandifunse kanthu. Mayi ake ndiwo analankhula. Anati, "Bambo, ine ndatopa kukubisani." Anatenga ana n'kupita kwawo. Ankhoswe anakhala pansi kawiri konse, ine ndikulonjeza, iwo akugwedeza mitu, chifukwa malonjezo amenewo anali atawamvapo kale.

Pa nthawiyi n'kuti banja lathu lili ndi gulu pa WhatsApp. Linayamba mu 2020, pa nthawi ya Covid-19, boma litachepetsa chiwerengero cha anthu opita kumaliro ndipo malire atatsekedwa. Agogo ena atamwalira, abale a kutali analephera kubwera, ndiye mphwathu wina wa ku Beira anatsegula gulu loti uthenga wa maliro uzifika msanga ndi kuti chipepeso chizisonkhedwa pa M-Pesa. Zimenezi sizikanatheka zaka khumi m'mbuyomo. Netiweki inafika m'midzi yathu yeniyeni pamene Movitel inayamba ntchito mu 2012 n'kudzala mitengo yake m'misewu ya fumbi, M-Pesa n'kubwera mu 2013. Ngakhale zili choncho, kwathu kumafunikabe kukwera pachulu cha kuseri kwa khola kuti uthenga utuluke. Pagululo kulemba kunali kochepa. Akuluakulu ambiri sawerenga, achinyamata a kuno amalemba Chipwitikizi, a ku Malawi amasakaniza ndi Chingerezi. Chimene chimatigwirizanitsa tonse ndi pakamwa, ndiye aliyense ankangotsinikiza kabatani n'kulankhula Chichewa. Audiyo ndiyo inali kalata yathu.

Usiku wina, ndili ku baraka ngongole itandikwana, ndinatumiza audiyo pagulu. Ndinati mwana wanga wamng'ono wadwala mwakayakaya ndipo ndikufuna ndalama ya njinga yamoto yopitira naye kuchipatala. Alamu anga a ku Moatize, amuna a mlongo wanga, anali pa ntchito ya usiku. Anamva, n'kutumiza nthawi yomweyo osafunsa funso. Kutacha, azakhali ena amene amakhala mudzi umodzi ndi apongozi anga anapita kukazonda wodwalayo. Anamupeza akuthamangitsa nkhuku pabwalo. Azakhaliwo sadziwa kubisa mawu, ndipo zimene anapezazo anazinena pagulu pomwepo.

Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mlomo wanga unali utatsala m'mafoni a abale anga onse, woti aliyense akafuna aubwereze. Ndinaumvetsera ndekha m'mawa mwake, mutu ukuwawa. Lilime lolemera, mawu okokeka, kumbuyo kukumveka wailesi ya ku baraka ndi munthu akuitanitsa botolo lina. Ndinatsegula kuti ndione amene amva: mayina onse anali pamenepo, kuyambira ku Lilongwe mpaka ku Johannesburg. Tsiku lonse palibe anayankha. Kunyozedwa ndinali nditakuzolowera, koma chete ameneyo anandidwalitsa.

Madzulo anyamata awiri analemba kuti munthu wotere achotsedwe pagulu, chifukwa mawa pakadzagwa vuto lenileni anthu adzakayika kutumiza. Sanalakwe. Koma amalume anga, achimwene awo a amayi, amene alibe foni yawoyawo ndipo amagwiritsa ya mdzukulu wawo, anatumiza audiyo yaitali. Ndikuikumbukira bwino. Anati, "Mukamuchotsa pano mukumupereka kwa yani? Ku baraka sadzamuchotsa. Ameneyu ndi mphwanga, ndinamunyamula paphewa powoloka malire. Wabera alamu ake, abweza. Koma mphwanga, ndikufunsa iwe, anthu onsewa akumva: ukufuna tikuthandize, kapena tikusiye? Usayankhe usiku uno. Uyankhe mawa m'mawa, tikamve liwu lako lenileni."

Sindinagone. Mbandakucha ndinakwera pachulu paja, manja akunjenjemera, n'kunena kuti amalume, ndalephera ndekha, ndithandizeni.

Chimene anachita pambuyo pake ndicho ndikufuna ena achimvetse, chifukwa ndi pamene pali nzeru. Nkhani yanga anaichotsa pagulu lalikulu. Anatsegula kagulu kena kakang'ono ka anthu osankhidwa: amalume, alamu anga a ku Moatize amene ndinawabera, mlongo wake wa mkazi wanga amene ndi nkhoswe ya kuchikazi, msuweni wanga wamkazi amene ndi namwino ku Ulónguè, ndi achimwene ena a kwa bambo aakulu amene amagwira ntchito ya zomangamanga ku Johannesburg. Awa omalizawa sindinkadziwa kuti nawonso mowa unawafikitsa pogona m'ngalande, ndipo anali atausiya zaka zambiri. Asanayambe chilichonse nkhoswe inapita kukafunsa mkazi wanga ngati akuvomera kuti za m'nyumba mwake zikambidwe pamenepo. Anavomera, koma anati kubwerera sabwerera mpaka ataona ndi maso.

Lamulo loyamba linali la audiyo ya m'mawa. Tsiku lililonse ndisanapite kumunda ndinkayenera kulankhula: ndagona kuti, dzulo ndamwa kapena ayi, lero ndikukagwira ntchito yanji. Kulemba anakana. Achimwene a ku Johannesburg anati chala chimatha kunama, koma kukhosi kwa munthu amene wagona ndi kachasu kumadziulula kokha. Lamulo lachiwiri linali la ndalama. Ndikagulitsa chilichonse, ndijambule matumba asanakwere lole, ndinene mtengo, ndipo ndalama isagone m'thumba mwanga: ipite kwa ajenti tsiku lomwelo, ilowe mu nambala imene ankasunga msuweni wanga. Kuti ituluke, pankafunika anthu awiri avomere, mmodzi wa kwathu, mmodzi wa kuchikazi. Lamulo lachitatu linali lawo, osati langa: audiyo yanga isagone osayankhidwa. Ngakhale mawu awiri okha, wina ayankhe.

Masiku oyamba anali oopsa, ndipo pano ndichenjeze aliyense amene akufuna kutengera njirayi. Munthu amene thupi lake linazolowera mowa waukali tsiku ndi tsiku, akausiya mwadzidzidzi, amatha kudwala zenizeni. Ine ndinayamba kunjenjemera, thukuta lili kamukamu usiku wozizira, tulo osabwera, mtima ukuthamanga. Tsiku lachiwiri ndinayamba kuona tinthu tikuyenda pakhoma. Msuweni wanga atamva liwu langa m'mawa umenewo sanadikire za gulu, anaimba foni mwachindunji. Anati, "Asuweni, izi si za mapemphero okha ayi, ndipo si ufiti. Kwerani njinga yamoto mubwere kuchipatala tsopano lino. Anthu amakomoka nazo zimenezi, ena amafa." Alamu anga, omwe aja ndinawanamiza za njinga yamoto, ndiwo anatumizanso ndalama ya njinga yamoto. Ku Ulónguè anandipatsa mankhwala ochepetsa kunjenjemera ndi mavitamini, n'kundiyang'anira mpaka zitadutsa. Pakanapanda munthu wodziwa za chipatala m'kagulu kaja, mwina bwenzi abale anga atandikonda mpaka kundiika m'manda.

Malangizo si amene anandisintha. Malangizo ndinali nawo okwanira kudzaza nkhokwe: a ansembe a ku Lifidzi, a ankhoswe, a amayi anga asanamwalire. Onse ankanena zoona, koma akanena ankapita kwawo, ine n'kutsala ndi ludzu langa. Chachilendo m'kagulu aka chinali choti mawa kunali kufunsidwanso, ndi mkuja, ndi tsiku linalo. Nditaima pakhomo pa baraka tsiku la msika, chimene chinkandibweza si mantha a Mulungu, ngakhale ndimamuopa, kapena chisoni cha ana, ngakhale chinalipo. Chinali chinthu chaching'ono kwambiri: mawa m'mawa ndikanena chiyani, ndipo liwu langa likamveka bwanji m'khutu mwa amalume? Munthu amene walephera kuganiza za moyo wake wonse amathabe kuganiza za mawa m'mawa.

Ndinagwa. Panali ukwati wa mnzanga wakale, ng'oma zikulira, chikho chikuzungulira, ndipo ndinati kamodzi kokha. M'mawa mwake sindinatumize kanthu. Dzuwa litakwera alamu analemba, "Alamu, tikudikira." Masana amalume anafunsa ngati foni yatha moto. Madzulo mdzukulu wa amalume anafika pakhomo panga pa njinga atanyamula foni yake, n'kuti agogo akuti ngati yanu yavuta mulankhulire pa iyi. Ndinalankhula, mnyamatayo ataima poteropo akuyang'ana kumbali. Ndinkayembekeza kuti andikalipira. Amene anayankha ndi achimwene a ku Johannesburg, ali pa basi yopita ku ntchito, phokoso la magalimoto likumveka kumbuyo. Anati, "Mng'ono wanga, kumwa wamwa, zimenezo zapita. Chimene chandiopsa ine ndi kukhala chete kwako. Ukagwa uzinena tsiku lomwelo. Ife sitinakhale pano kuti tizimva zabwino zokha." Kenaka anandifunsa mafunso amene palibe anali atandifunsapo: unali utadya? Unali ndi ndalama m'thumba? Unakhala pafupi ndi yani? Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kupita ku zisangalalo nditakhuta, m'thumba mulibe kanthu, ndi kunyamuka dzuwa lisanalowe.

Ngongole ya katapila sinathere pa foni, ndipo sikanatha. Kagulu kanathandiza kuwerengera: alamu anga, amene amadziwa masamu, anandiuza kuti ndinene chilichonse chimene ndinatenga ndi chimene ndinabweza, iwo n'kumalemba, mpaka zinaoneka kuti feteleza weniweniyo ndinali nditamubweza kale, chotsala chinali chiwongoladzanja chimene chinkaberekana chokha. Koma amene anavala jekete n'kupita nane kwa a nyakwawa ndi amalume ndi nkhoswe. Pabwalo paja anagwirizana kuti ngongole iime pamene yafika, isakulenso, ndipo ndizibweza matumba owerengeka pa kukolola kulikonse. Mwini ngongole sanakondwe, koma anavomera chifukwa panali akuluakulu oikira umboni. Ndalama ya alamu anga ndinabweza poyamba penipeni, kuchokera ku nyemba. Anailandira, sananene kuti zisiyeni, ndipo ndimawalemekeza chifukwa cha zimenezo. Akanaikana, bwenzi mpaka lero ndikulephera kuwayang'ana kumaso.

Mutu utayamba kuyera, kagulu kaja kanayamba kubala zipatso zimene sitinaziganizire. Loweruka lililonse ndinkatumiza chithunzi cha munda, poyamba ngati umboni chabe woti ndikulima. Tsiku lina, nyengo ya mvula yamawawa ndi nkhungu, msuweni wanga anaonetsa chithunzicho kwa mnyamata wina wophunzira zaulimi pa sukulu ya ukachenjede ya UniZambeze ku Ulónguè komweko. Mnyamatayo anapempha kuti nditembenuze tsamba ndijambule kunsi kwake m'mamawa. M'mphepete mwa banga lakuda munali kanthu koyera ngati nkhungu. Anati ndi chiwawu, ndipo anandiuza chimene zaka zonse ndinkachilakwitsa: mankhwala a mancozeb amene timapopera amateteza tsamba limene lisanagwidwe, sachiritsa lodwala kale, choncho kudikira kuti uone matenda ndiye upopere n'kutaya ndalama. Anatinso ndisamabzale kachewere pamene pachoka tomato, chifukwa matenda awo ndi amodzi, koma ndizisinthanitsa ndi chimanga kapena nyemba. Za mbewu anandiphunzitsa kuzika timitengo pa mapando athanzi munda ukadali wobiriwira, kuti pokumba mbewu ichokere pamenepo, osati kutola timbatata totsalira pogulitsa monga tinkachitira. Kachewere wanga wa mtundu wa Rosita wa chaka chotsatira anthu ankaima panjira kumuyang'ana.

Mitengo nayonso tinayamba kuidziwa. Kale wamalonda akafika ndi lole n'kunena kuti ku Tete kachewere wagwa, unkangokhulupirira, chifukwa Tete ali kutali, mtunda wopitirira makilomita 200 kudzera ku Mussacama. Tsopano alamu anga amatha kudutsa pa msika wa Kwachena ku Tete n'kufunsa mtengo wa thumba m'mawa womwewo. Mu November 2023, pamene ndalama ya kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, mphwathu wa ku Lilongwe ananena pagulu lalikulu tsiku lomwelo. Ife a m'malire timagulitsa ndi ndalama zonse ziwiri, ku Lizulu ndi ku Calómuè kwacha ndi metikali zimayendera limodzi, ndipo sabata imeneyo wogula wina anafika ndi makwacha akuwerengera pa mtengo wakale. Ndinamuuza kuti andipatse mametikali kapena tiwerengerenso. Zaka ziwiri m'mbuyomo ndikanalandira, n'kuthamangira nazo ku baraka.

Pali zina zimene zimandiwawabe. Audiyo yanga ya usiku uja inatuluka pagulu la banja. Wina anaitumiza kwa mnzake, mnzakeyo kwa wina, mpaka tsiku lina ndikudutsa pamsika ndinamva anyamata akuiseweretsa n'kumaseka. Mwana wanga wamkazi anaimvanso kwa anzake. Chimene chalowa mu foni sichifufutika, ndipo ndikuona kuti banja lililonse lofuna kuthandiza munthu wake motere liyambe lapangana za chinsinsi, gulu likhale laling'ono, la anthu oti akaulula ukhoza kuwapeza pakhomo pawo. Ndiponso si gulu lililonse la pa foni limene lili ndi phindu. Ndinaponyedwapo m'magulu a anthu mazanamazana osadziwana, ena olonjeza kuti ukaika ndalama ibereka kawiri pa sabata, ena a aneneri ofuna chopereka kuti akumasule. Kumeneko ukanama palibe angakugwire, ukasowa palibe angakufunefune. Kathu kanagwira ntchito chifukwa kumbuyo kwa liwu lililonse kunali munthu wodziwa munda wanga, manda a amayi anga ndi njira yofikira pakhomo panga.

China chimene ndinachiona mochedwa ndi ichi: anthu asanu ankakambirana za banja langa tsiku ndi tsiku, koma mwini banjalo, mkazi wanga, sanali pamenepo, chifukwa analibe foni. M'midzi yathu foni yaikulu imakhala m'thumba la mwamuna. Zonse ankazimva kudzera kwa mlongo wake. Atabwerera kunyumba, patapita nyengo yathunthu ya dzinja ndi chilimwe akuyang'ana, chinthu choyamba chimene kagulu kanavomereza kuti chigulidwe pambuyo pa feteleza chinali foni yake ndi kasola kotchajira. Tsiku limene analowa, audiyo yake yoyamba inali yaifupi. Anathokoza onse mmodzimmodzi, kenaka anati, "Koma kuyambira lero nambala yosunga ndalama ikhale yanga. Asuweni atithandiza mokwanira." Palibe anatsutsa. Ndi iye amene anayambitsa kope lolembamo zolowa ndi zotuluka, ndipo ndi iye amene anakana kuti tigule wailesi yaikulu mwana asanabwerere ku sukulu. Mwanayo anabwerera ku Ulónguè, anabwereza kalasi imene anaisiyira panjira, ndipo anakhoza.

Mayeso ena anabwera kuchokera kumene sitinkayembekeza. Pambuyo pa chisankho cha pa 9 October 2024 m'dziko muno munabuka zionetsero, ndipo kuyambira pa 25 October intaneti ya m'mafoni inayamba kudulidwa, kenaka WhatsApp ndi Facebook zinatsekeka kwa masiku angapo. Amene amakhala pafupi ndi malire ankaika makadi a ku Malawi n'kumagwira netiweki ya tsidya lija, koma pachulu panga sipankatuluka kanthu. Inalinso nthawi yogulitsa kachewere wa kudimba, ndalama ili m'manja, misewu yosadalirika, mitima ya anthu ili m'mwamba, ndipo ku baraka kunkadzaza kuposa kale chifukwa aliyense ankafuna kumva nkhani. Ndinachita mantha. Ndinali nditazolowera kuganiza kuti chimene chikundigwira ndi foni.

M'mawa woyamba ndinadzuka pa nthawi yomwe ija, mawu ali okonzeka pakamwa, koma kopanda kowatumiza. Ndinawanena kwa mkazi wanga ali pamoto: ndagona pano, dzulo sindinamwe, lero ndikukakumba mizere ya kumunsi. Anandiyang'ana, n'kuyankha monga amayankhira amalume, kuti tamva, pitani bwino. Kenaka ndinakwera njinga kupita kwa amalume, amene mudzi wawo uli kuseri kwa dambo, n'kukanenanso pamaso pawo. Anaseka, n'kuitanitsa tiyi. Alamu anga ankaimba foni wamba madzulo, chifukwa kuimba kunkatheka. Intaneti itabwerera ndinapeza ma audiyo a achimwene a ku Johannesburg ataunjikana, imodzi pa tsiku lililonse, onse akuyamba ndi mawu amodzimodzi: mng'ono wanga, sindikudziwa ngati ukundimva, koma ndikufunsabe. Ndinawamvetsera onse motsatana nditakhala pachulu, ndipo ndinalira.

Ndimayamika Mulungu, chifukwa ndikhulupirira kuti ndi Iye amene anaika mawu aja m'kamwa mwa amalume pamene ena ankati ndichotsedwe. M'kagulu kathu muli Akatolika a ku Lifidzi, muli a mpingo wa Reformada, ndipo amalume satchula n'komwe za tchalitchi, koma sitinakanganepo za zimenezo. Ludzu silinatheretu. Limabwerabe, makamaka lole ikangonyamuka ndi matumba. Audiyo ya tsiku ndi tsiku anandimasula, tsopano ndimatumiza Lolemba ndi tsiku la msika, ndipo ine ndi amene ndinapempha kuti ya tsiku la msika isachotsedwe. Ngongole ya katapila ndinamaliza ndi kachewere wa mvula ya chaka chino, pamaso pa a nyakwawa omwe aja.

Si onse amene njirayi yawathandiza. Mnzanga wina wa ku baraka, ataona kusintha kwanga, abale ake anamutsegulira kagulu kotere. Sabata yachiwiri anatulukamo yekha n'kusintha nambala. Ndimakumana naye pamsika, timapatsana moni, ndipo nthawi zonse ndimamuuza kuti khomo langa alidziwa. Funso lija la amalume, loti ukufuna tikuthandize kapena tikusiye, iye sanafunsidwe. Abale ake anamuyankhira.

Miyezi yapitayi mlongo wanga wina anandiimbira akulira. Mwana wake wamwamuna, amene amayendetsa njinga yamoto yonyamula anthu pakati pa Ulónguè ndi midzi ya kuno, samwa n'komwe, koma ndalama yonse ya tsiku imathera pa kubetcha mpira pa foni, ndipo anafika pokakongola kwa katapila ataika njinga ya eni ake ngati chikole. Kwa iye foni yomweyo ndiyo baraka, ndiye zina zimene zinandithandiza ine sizikugwira: liwu lake la m'mawa limamveka bwinobwino ngakhale atataya zonse usiku. Ndinamufunsa funso lija, ndipo anayankha m'mawa mwake kuti amalume, ndithandizeni. M'kagulu kake tilimo anayi. Tapangana kuti madzulo alionse azitumiza chithunzi cha mauthenga a M-Pesa a tsikulo, ndalama azisiya kwa mayi ake asanalowe m'nyumba, ndipo usiku foni yaikulu izigona kwa iwo, iye azitsala ndi kakang'ono ka mabatani koti makasitomala azimupezerapo. Wagwapo kale kamodzi, ndipo ananena yekha tsiku lomwelo. Loweruka likubwerali ndikuvala jekete, tikupita naye kwa a nyakwawa kukakamba za njinga ija.